Kumanga nsambo pa gitala ya zichiri zong'aluka

Gitala yamagetsi imene ndimaimba m'gulu la kutchalitchi kwathu ku Ndirande inabwera ndi msuweni wanga pobwerera kuchokera ku Joni, ndipo inandipeza ili ndi nsambo zakuda ndi dzimbiri, zooneka kuti zinakhalapo zaka. Ndi ya mtundu wa Squier, yopangidwa motsatira maonekedwe a Stratocaster zakale za kampani ya Fender. Pamene ndinkailandira n'kuti nditadutsa kale m'magitala angapo, kuyambira banjo ya chigubu cha mafuta imene tinkaimanga ndi waya wa mabuleki a njinga tili ana, mpaka gitala ya bokosi imene ndinaphunzirirapo makiyi ndili kusekondale, choncho kusintha nsambo ndinkakuyesa ntchito imene manja anga anaizolowera kale. Koma nditayang'anitsitsa kumutu kwa gitalayi ndinaona chinthu chachilendo. Zichiri zimene nsambo imakulungidwapo zinalibe bowo lija lopyoza m'mbali limene tonse timalidziwa, limene munthu amangolowetsamo waya n'kuukokera mbali inayo. Chichiri chilichonse chinali chong'aluka pamwamba ngati chiboda cha mbuzi, ndipo pakati pa mng'aluwo panali kabowo kotsikira pansi, m'kati mwenimweni mwa chitsulocho.

Tsiku limene ndinayesa koyamba linali Lachisanu madzulo, mawa lake tili ndi ukwati woti tikaimbe. Masana ndinali nditakwera minibasi kupita ku Limbe kukagula paketi ya nsambo, imodzi yokha basi, chifukwa ndalama zinathera pomwepo. Pofika kunyumba magetsi anali atazima, ndiye ndinatsamiritsa foni pa kapu kuti iziwalitsa patebulo, kenako ndinadula nsambo zakale zonse ndi chodulira waya popanda kusungako ngakhale imodzi. Sizinanditengere nthawi kuzindikira kuti nsonga ya nsambo iyenera kulowa m'kabowo kaja, komanso kuti singalowemo bwino isanadulidwe. Nsambo zisanu zinagwira, ngakhale zina zinakulungika mopiringizana. Vuto linabwera pa yomaliza, yowonda kwambiri ija ya E, imene oimba timaitcha yoyamba. Ndinaidula mongoyerekeza ndi maso, ndinailowetsa, ndinayamba kukunga, ndipo mawu ake atatsala pang'ono kufika pamalo pake inasoloka m'bowomo n'kundikwapula pamkono. Ndinabwereza kachiwiri ndi kachitatu, nsonga ikunka nipindikapindika, mpaka inathyokera pamene ndinkaipinda, ndipo chotsalacho sichinakwanenso kuzungulira chichiri. Ukwatiwo ndinauimba ndi nsambo zisanu, ndipo mbali zonse za mawu apamwamba zimene tinaziyeserera milungu itatu ndinazisiya, zomwe zinandiwawa mumtima chifukwa akwatiwo anali anthu amene ndinakula nawo.

Madyerero atatha, tikukulunga mawaya a zokuzira mawu, kunabwera bambo wina wachikulire wa ku Chilomoni amene ankaimba gitala m'mahotela a mumzinda muno zaka za m'ma 1980. Anainyamula gitalayo, anaitembenuza, anayang'ana kumutu kwake kwa kanthawi, kenako anati, "Mwana wanga, nsambo yoyamba waisiya kuti?" Nditawafotokozera ndinawonjezera kuti ndikuganiza zochotsa zichiri zimenezo kuti ndiikepo zamakono zabowo m'mbali. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Usazichotse ayi. Zichiri izi n'zabwino kuposa zimene ukuzifunazo, kungoti sunalidziwe khalidwe lake. Ugule nsambo imodzi ubwere nayo kwathu Lolemba, ndipo usaiwale bokosi la machesi." Ndinayankha kuti, "Zikomo bambo, ndibwera," ngakhale za machesizo sindinazimvetse. Zimene ndikulemba pano ndi zimene anandionetsa pakhonde pawo tsiku limenelo, pamodzi ndi zina zimene ndazitsimikiza ndekha pa zaka zimene ndakhala ndikusintha nsambo pa gitala yomweyi.

Zichiri zamtunduwu si za lero. Leo Fender atayamba kupanga magitala ake ku Fullerton, m'dera la California, monga Telecaster imene inalandira dzina limeneli mu 1951 ndi Stratocaster imene inatuluka mu 1954, zokungira nsambo ankazigula ku kampani ya Kluson ya ku Chicago, ndipo zinali zong'aluka chomwechi. N'chifukwa chake pa intaneti mudzaona akuzitcha split post kapena vintage, ndipo makampani ngati Gotoh ya ku Japan akupangabe zofanana nazo zoika pa magitala otsanzira akale aja. Magitala ambiri a besi, makamaka a Fender, nawonso ali ndi zichiri zong'aluka, kungoti ndi zikuluzikulu, moti oimba besi njira imeneyi amaidziwa kale pamene ife a gitala ikutisautsa. Amene anazipanga ankafuna kuti nsonga yakuthwa ya waya izibisika m'kati mwa chichiri, isamatsale panja n'kumabaya chala kapena kung'amba thumba la gitala.

Pagona nkhani ndi pa nthawi yodula. Pa zichiri zabowo m'mbali munthu amalowetsa nsambo yonse, amakunga, akakhutira ndi pamene amadula chotsala, ndipo akalakwitsa amamasula n'kuyambiranso popanda chotayika. Pa zong'aluka kudula ndi kumene kumayamba, ndipo waya ukadulidwa wadulidwa. Kwa munthu wokhala kumene nsambo n'zotchipa imeneyi si nkhani yodetsa nkhawa, koma kwathu kuno nsambo zonse zimachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, m'gulu mwathu timachita kusonkherana kuti paketi imodzi igulidwe. Munthu amene wagula nsambo ndi ndalama yosonkherana sayenera kuyeza ndi maso monga ndinachitira ine.

Kayezedwe kake n'kotere. Nsambo ikalowa kumunsi kwa gitala, kudzera kumsana kwake monga zimakhalira pa Stratocaster ndi Telecaster, muikoke mpaka kampira ka kumapeto kwake katakhazikika, chifukwa kakakodwa panjira kadzasuntha mukukunga ndipo muyeso wanu wonse udzasokonekera. Muigoneke pamalo pake pa bridge, chitsulo cha pathupi la gitala pamene nsambo zimatsamira, muidutsitse m'kanjira kake pa nut, kafupa koyera kaja ka pamene khosi likuthera, ndipo muitambasule molimba kudutsa chichiri chake. Kuchokera pa chichiricho musiye masentimita 5 ngati ili nsambo yonenepa, ndi pamenepo podula. Nambala imeneyi ili ndi chifukwa chake. Chichiri n'chonenepa pafupifupi mamilimita 6, ndiye kuti nsambo ikachizungulira kamodzi imadya pafupifupi masentimita 2, ndipo bowo lija limameza sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mukachotsera zimenezo pa masentimita 5 mutsala ndi waya wokwana kuzungulira kawiri, zomwe n'zokwanira pa nsambo yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu. Mukasiya wochuluka kuposa pamenepo mikombero imasowa malo, chifukwa chichiri n'chachifupi pamene nsambo yonenepa kwambiri ya paketi wamba ya 10 mpaka 46 (manambala osonyeza kunenepa kwa nsambo, kuyambira yowonda kwambiri mpaka yonenepa kwambiri) imapitirira milimita imodzi, ndiye imayamba kukwerana, ndipo nsambo yokwerana sikhala pakiyi nthawi yaitali.

Oimba ambiri sagwiritsa ntchito rula, amayeza ndi zichiri zomwezo, popeza pa mutu wa gitala ya Fender zichiri zonse 6 zili pamzere umodzi ndipo zatalikirana pafupifupi masentimita awiri ndi theka. Kudumpha zichiri ziwiri ndiye kuti mwapeza masentimita 5 aja. Njirayi ndi yabwino, koma imathera panjira, ndipo ndi pamene ndinagwera ine. Nsambo yonenepa kwambiri ili ndi chichiri choyandikana ndi nut, ndipo zinazo zimanka kutsogolo mpaka yoyamba imene chichiri chake chili kunsonga kwenikweni kwa mutu. Yachiwiri ili ndi chichiri chimodzi chokha patsogolo pake, yoyamba ilibe ndi chimodzi chomwe, chikhalirecho ndi nsambo ziwiri zimenezi zimene zimafuna waya wochuluka kuposa zonenepa. Apa ndi pamene bambo aja anatulutsa bokosi la machesi lija. Analigoneka pambali pa chichiri n'kunena kuti, "Kutalika kwa bokosi ili ndiwo muyeso wa nsambo zonenepa. Pa zowonda zitatuzi uziyeza bokosi limodzi ndi theka, ndipo ukakayikira uonjezere, usachepetse." Nditafika kunyumba ndinaliyeza ndi rula ya mwana wa mlongo wanga ndipo ndinapeza kuti linali pafupifupi masentimita 5, moti bokosi ndi theka ndi masentimita 7 kapena 8, okwana kuzungulira katatu kapena kupitirirapo. Kuyambira tsiku limenelo m'thumba la gitala yanga simusowa bokosi lopanda machesi.

Musanadule nsambo zitatu zonenepa pali chinthu china chofunika kuchita. Nsambo zimenezi si waya umodzi, koma muli waya wam'kati umene wakulungidwa ndi wina wowonda kuyambira kumunsi mpaka kumwamba. Pa nsambo zambiri za masiku ano waya wam'katiwo uli ndi ngodya 6, ndipo ngodyazo zimaluma wokulungawo kuti usasunthe, koma zilipo zina zimene waya wam'kati ndi wobulungira, ndipo zoterezi zikadulidwa zisanapindidwe wokulunga uja umakhwepa m'kati mosaoneka ndi maso. Nsamboyo imaoneka yatsopano ndithu, koma mawu ake amamveka ofooka ngati yagwira ntchito chaka chathunthu, ndipo siingakonzekenso. Popeza si nthawi zonse pamene paketi imanena za m'kati mwa nsambo, ine ndimapinda zonse. Ndimaipinda mwamphamvu kuti ikhale ndi ngodya ngati ya khasu ndi mpini wake, pamalo otsala sentimita imodzi kuti ndifike podula paja, ndiye kenako ndimadula. Kachidutswa kopindikako ndi kamene kamatsikira m'bowo, ndipo ngodyayo imagwera ndendende pakamwa pa mng'alu.

Ndinatenga nthawi kuti ndimvetse kuti bowo lija silimene limagwira nsambo. Ntchito yake ndi kubisa nsonga ndi kuisunga pamalo pamene mukuyamba kukunga basi. Chimene chimagwira ndi ngodya ija pamene waya wapindikira potuluka mu mng'alu, pamodzi ndi mikombero imene yakumbatira chichiri. Nsambo zonse 6 za paketi ya 10 mpaka 46 zikakungidwa kufika pakiyi zimakoka khosi ndi mphamvu yofanana ndi katundu wa makilogalamu pafupifupi 45, kutsala pang'ono kufika thumba la chimanga, ndipo yoyamba yokha imanyamula pafupifupi makilogalamu 7. Tsono nsambo yoyambayo ndi kawaya kosalala, kowonda ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita, kopanda chilichonse choti chilume chitsulo. Usiku uja ine ndinaisiyira waya wosakwana kuzungulira ngakhale kamodzi, ndiye panalibe chimene chikanailetsa kusoloka.

Pakhonde paja bambo aja anandiuza kuti ndikhale pansi, thupi la gitala ndiligoneke pamiyendo, mutu wake ndiutsamiritse pa mkono wa mpando. Anayamba apotoza chopotera mpaka mng'alu wa chichiri unayang'ana kumene nsambo ikuchokera. Anatsitsa nsonga m'bowo mpaka inagunda pansi, anaipinda kuti igone mu mng'alu, ndipo anaika chala chachikulu cha dzanja lamanja pamwamba pa chichiri kuti nsongayo isadumphe, kwinaku zala zinazo zitakoka nsambo m'mwamba kuti ikhale yolimba. Ndi dzanja lamanzere anayamba kupota pang'onopang'ono. Ndinaona mkombero woyamba ukugwira m'munsi mwa mng'alu, wachiwiri ukulowa pansi pa woyambawo, wachitatu pansi pa wachiwiri, yonse itagundizana mwaukhondo ngati ulusi wa pa makina osokera, ndipo chala chao cha mkombaphala chinkaitsogolera nsamboyo kuti izitsika nthawi zonse. Sanachotse chala chachikulu chija mpaka mkombero woyamba utatha. Anandionetsanso mbali imene nsambo iyenera kudzera, imene ndi mbali ya chichiri yotalikana ndi zopotera, kuti ichoke pa nut n'kufika pa chichiri chake molunjika, osakhota. Mukaidzeretsa mbali inayo imapanikiza m'mphepete mwa kanjira ka pa nut, ndipo chopotera chimayamba kugwira ntchito mozondoka.

Ntchito yopotayi imatopetsa dzanja, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Pa zokungira zambiri zamtunduwu, monga za Gotoh, chopotera chimazungulira maulendo 15 kuti chichiri chizungulire kamodzi, kotero mikombero itatu ndi maulendo 45 pa nsambo imodzi. Kachipangizo kapulasitiki kopotera nsambo kamathandiza kwambiri, koma amene alibe asafulumire n'kuyamba kukulunga nsambo yonse ndi dzanja mozungulira chichiri, chifukwa kutero kumaupotokola waya.

Kutsika kwa mikombero kuja kuli ndi ntchito ina imene anthu ambiri saiganizira. Mutu wa gitala ya Gibson unapendekera kumbuyo, moti nsambo ikangodutsa pa nut imatsika yokha n'kukanikiza kafupa kaja mwamphamvu. Mutu wa gitala ya Fender sunapendekere, ndi wowongoka, ndiye nsambo zimene zichiri zake zili kutali zimadutsa pa nut mopanda kukanikiza kwenikweni, ndipo zikatero zimalira monjenjemera mukaziimba osagwira fureti (kamzere kachitsulo ka pakhosi la gitala), mwinanso kudumpha m'kanjira kake. Pofuna kuthana ndi zimenezi anaikapo kachitsulo kakang'ono kumutuko kamene kamapanikiza nsambo yoyamba ndi yachiwiri, ndipo musaiwale kuzidutsitsa pansi pake musanamalize kukunga. Koma pa magitala ambiri otsanzira akale nsambo yachitatu, ya G, ilibe kachitsulo koipanikiza, ndipo chichiri chake chili patali ndithu. Mankhwala ake ndi kuipatsa mikombero yochuluka, inayi kapena isanu, kuti pomaliza nsambo ichokere pansi penipeni pa chichiri. Gitala yanga inkalira mawu osasangalatsa pa G kwa miyezi ingapo, ndipo ndinkaganiza kuti mafureti atha kapena khosi lapindika, koma nditasintha nsambo n'kuisiyira masentimita 9 phokosolo linatheratu popanda kugula chilichonse.

Zilipo nsambo zoyamba zina zimene zimasolokabe ngakhale mwayeza bwino, makamaka za paketi ya 9 mpaka 42 zimene ndi zowonda kwambiri. Pa zoterezi bambo aja anandionetsa kamangidwe kena. Nsonga ikalowa m'bowo n'kupindidwa kutuluka mbali imodzi ya mng'alu, muizungulitse ndi dzanja theka lokha la chichiri, muidutsitsenso mu mng'alu womwewo kuchokera mbali inayo, ndiye muyambe kupota monga mwa nthawi zonse. Kutero kumaipatsa nsambo ngodya zina ziwiri zakuthwa, ndipo ngodya iliyonse ndi pogwirira. Ine ndimachita zimenezi pa yoyamba yokha, nthawi zina pa yachiwiri, koma pa zonenepa n'zosafunika ndipo malo ake palibe.

Nsambo zonse zikakhala pamalo pake ntchito siinathe, chifukwa nsambo yatsopano imatsika mawu mpaka itakhazikika. Muichune kufika pakiyi, muigwire pakati pa khosi n'kuikokera m'mwamba modekha kangapo, muichunenso, ndipo mubwereze mpaka itasiya kutsika. Kukokako kumalimbitsa mikombero pa chichiri ndi kukhazikitsa kampira kakumunsi kaja. Pochuna muzifika pakiyi mukukwera, ndipo mukapitirira mutsike pansi pake n'kukweranso, chifukwa mano a m'kati mwa chokungira ali ndi kampata kamene kamatsekeka pokhapokha mukukunga. Musanagoneke nsambo m'tinjira ta pa nut mupakemo pensulo wamba, chifukwa chakuda chake cholembera chija chimathandiza waya kuti uzitereramo mosakodwa. Amene gitala yao ili ndi ndodo yogwedezera mawu akumbukire kuti bridge imakokedwa ndi nsambo kutsogolo ndi masipuling'i kumsana, ndiye ngati bridge yao ili yoyandama ndi bwino kusintha nsambo imodziimodzi, ndiponso kuchuna mobwerezabwereza chifukwa kukunga imodzi kumatsitsa zinzake.

Sindikufuna kubisa chimene zichiri zimenezi zimatilanda, chifukwa ndi chinthu chenicheni kwa oimba a kuno. Mukayang'ana magitala ambiri m'matchalitchi ndi m'magulu a m'makwalala a Blantyre mudzaona kumutu kwake kuli mawaya opiringidwa ngati mphete, osadulidwa. Ena amayesa kuti ndi kusasamala, koma ndi nzeru ya munthu wodziwa mtengo wa nsambo. Nthawi zambiri nsambo imadukira pa bridge pamene dzanja limamenya, ndipo ngati kumutu kunatsala waya, woimba amaumasula, amautsitsa, amamangiriranso kampira kaja n'kupitiriza kuimba mwezi wina wathunthu. Pa zichiri zong'aluka mphete imeneyo siingakhalepo, popeza chotsala chonse chinadulidwa tsiku loyamba. Chimene chilipo ndi mikombero yokha ija, ndipo pa nsambo zowonda, ngati munazipatsa inayi, mukhoza kupezapo masentimita angapo okwana kumangirira kamodzi, koma mudzatsala ndi mkombero umodzi kapena iwiri ndipo mwayi wosoloka udzachuluka. Ndinayesapo kamodzi pa nsambo yachiwiri ndipo inandipirira Masabata awiri. Amene amadalira kwambiri njira yolumikiza nsambo zoduka adziwe kuti apa pali chotayika.

Komabe ndikaika zonse pamuyeso ndimaona kuti bambo aja ananena zoona. Nsambo ya pa chichiri chong'aluka imachoka mosavuta ndipo imabwerera mosavuta, chinthu chimene sichitheka bwino pa zabowo m'mbali. Mukaikhwefula pang'ono, mikombero yonse imanyamuka pamodzi ngati chipewa, ili yobulungira momwemo, ndipo mukafuna kuibwezera mumangotsitsa nsonga m'bowo, kuveka mikomberoyo pa chichiri n'kukunga. Phindu lake limaoneka m'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamene chinyezi ndi thukuta zimadyetsa nsambo dzimbiri msanga, komanso m'masiku a chiperoni pamene chilichonse m'nyumba chimakhala chonyowa. Kamodzi pamwezi ndimavula nsambo kumutu, ndimapukuta khosi ndi mafureti, ndimapukutanso nsambo iliyonse kunsi ndi kumwamba ndi kansalu kouma, kenako ndimazibwezera, ndipo paketi imodzi imandikhalitsa kuposa kale. Ndikafuna kukonza china pansi pa chivundikiro cha mapikapu, tizipangizo totola mawu a nsambo, sindiwononga nsambo ngakhale imodzi. Ana a Sande sukulu amene amakonda kudzagwira gitala mapemphero akatha sanabayidwepo chala, ndipo thumba langa lilibe kabowo kumutu ngati mmene analili matumba a magitala anga akale.

Palinso chifukwa china chimene ndimaletsera anzanga kuchotsa zichiri zimenezi mothamanga. Mabowo a m'mutu wa gitala amene zokungira zakalezi zimalowamo ndi ang'onoang'ono, pafupifupi mamilimita 9, pamene zamakono zambiri zimafuna bowo la mamilimita 10. Kusintha ndiye kuti kukuza mabowo onse 6 m'thabwa, ntchito imene ikachitidwa ndi chobowolera wamba imatha kung'alula mtengo kapena kusupula penti, ndipo timabowo ta misomali ta zakalezo timatsala poonekera kumsana. Ndaonapo gitala yabwino itawonongeka chonchi chifukwa mwini wake ankaganiza kuti zokungira ndi zimene zikuitsitsa mawu, pamene vuto linali mikombero yokwerana ndi nut youma. Gitala ikamachoka pakiyi, ine ndimayamba ndaona kamangidwe ka nsambo ndisanakayikire chitsulo.

Mwezi wathawu mnyamata wina wa m'gulu la achinyamata ku Zingwangwa anabwera kunyumba ndi gitala yamtundu womwewu, imene tchalitchi chao chinapatsidwa ndi mlendo. Anati, "Achimwene, ndayeza monga munanenera, bokosi ndi theka, koma yoyambayi ikungotuluka." Ndinatenga kachidutswa ka waya n'kukatsitsa m'bowo la chichiri choyamba, ndipo kanangolowa pang'ono n'kugunda, pamene pa zichiri zinazo kankalowa kupitirira sentimita. Ndinawalitsa ndi foni ndipo ndinaona kuti m'bowomo munadzaza tizidutswa ta nsambo zakale timene tinathyokera momwemo n'kuchita dzimbiri. Tinaizondotsa gitalayo pamwamba pa nsalu yoyera, ndinatokosa ndi singano yosokera, iye akugogoda pang'ono kumsana kwa mutu ndi chala, ndipo panagwa tizidutswa titatu ndi fumbi lofiira. Nsambo yake inali isanathyoke, ndiye ndinangodula kansonga kamene kanapindikapindika n'kumubwezera kuti amange yekha. Anatsitsa nsonga mpaka pansi, anaipinda, anaizungulitsa theka n'kuibweza mu mng'alu, anaika chala chachikulu pamwamba, ndipo anapota mpaka mikombero itatu inatsika motsatizana. Anaikoka kanayi n'kuichunanso, ndipo ulendo wachisanu kamuvi ka pulogalamu yochunira gitala ya pa foni sikanasunthe pa E.